Thadzi la Malemu a Falesi

Aliyense amene anadyako pa lesitilanti ya a Wilkins pa Neno, m'zaka zija matipate atangoyamba kumene, amawakumbukira a Gerishon Likoswe. Sikuti ankalankhula zambiri ayi, munthuyo mawu analibe. Anthu amawakumbukira atakhala pa tebulo la kuseri kwa chitseko, zigongono zili pa thabwa, manja onyowa ali m'mwamba ngati munthu wopemphera, akudikira chakudya.

Pamalopo panali khalidwe lina lonyansa. Munthu ukangokhala pansi, mayi woperekera zakudya, a Annette, ankabwera msangamsanga ndi beseni ndi jagi n'kukusambitsa m'manja. Mtima unkakhala pansi kuti basi zafika. Koma kusamba m'manja kunali kwina, kudya kunalinso kwina. Madzi ankadontha m'zala mpaka manja kuuma gwa, mbale osaoneka. Pakalowa mphunzitsi, kalaliki kapena wa zaumoyo wovala tayi, mbale yake inkatulukira pomwepo ngakhale wabwera pambuyo. Ya a Gerishon ikamafika inali itazizira, nyemba zake zosapsa, tsiku lina muli ntchentche yakufa, tsiku lina zikununkha palafini. Ankangoichotsa ntchentcheyo ndi chala, n'kudya. Pomaliza ankasiya kambamu ka nsima, n'kukakulunga m'pepala, n'kuika m'thumba la jekete.

Kudandaula sankakudziwa. Anakulira m'nthawi imene munthu ukanena kuti mchere wasowa m'sitolo, mawa lake kunkabwera anthu kudzakufunsa kuti umatanthauza chiyani. Tsono ngakhale wailesi ya a Wilkins inkangokhalira kufuula za ufulu wolankhula, pakamwa pa a Gerishon panali patatsekeka kalekale. Komanso akanadandaula, akanapita kuti? Malo odyera pa Neno nthawi imeneyo anali okhawo.

Kwawo kwenikweni kunali ku Chiradzulu. Anafika ku Neno ali mnyamata, ndi gulu lokonza msewu, ndipo ku Magaleta anaona a Falesi akuchokera kudambo atasenza mtsuko. Anzawo a msewu anapitirira, iwo anatsala. Analowa chikamwini, anamanga nyumba ya njerwa zootcha, anadzala manachesi kuseri kwake, anabereka ana. Ana ena anamwalira ali aang'ono, anatsala mmodzi, Deliwe, amene atakula anakapeza ntchito yosoka zovala ku Blantyre. Chaka cha riferendamu a Falesi anadwala pachifuwa, dzinja lisanathe anatisiya. Miyambo ya maliro itatha, alamu anawakhazika a Gerishon pansi pa mtengo wa nachesi umene anadzala okha, n'kuwasudzula ndi mawu aulemu kwambiri. Anati mwatisungira bwino mlongo wathu, tsopano ndinu omasuka. Kumasuka kwake kunali kwakuti anyamule mtolo wawo azipita.

Ku Chiradzulu kunalibenso wowadziwa, ndipo minda anagawana ena kalekale. Choncho ulendo wawo unathera pa Neno pomwepo. Anapeza kachipinda kuseri kwa golosale, n'kuyamba kusoka nsapato pakhonde. Mwini golosaleyo analetsa kusonkha moto kuseriko chifukwa ankasungako migolo ya palafini, komanso kunena zoona a Gerishon anali asanagwirepo mthiko chibadwire. Umu ndi mmene anakhalira munthu wa tebulo la kuseri kwa chitseko.

Ku Magaleta anachokako ndi zinthu zitatu basi: zovala, zida zosokera nsapato, ndi kamsoti kofiira kamene a Falesi ankakadyetsa pamanja akudwala. Alamu anachita manyazi kukakaniza. Kamsotiko kanakula n'kukhala thadzi. Masana linkakhala lomangirira ndi chingwe pa mzati wa kuseri, madzulo linkalowa m'chipinda n'kuvundikiridwa ndi dengu. Chitopa chitadutsa pa Neno n'kusesa nkhuku za anthu, ilo lokha linapulumuka. Kambamu ka m'thumba kaja kanali kake. A Gerishon akabwera kodya ankanjuta pa mzatipo, n'kumalinyenyera nsima, uku akuliuza mmene zayendera ku lesitilanti. Madandaulo onse amene a Wilkins sanawamvepo, thadzi lija linkawamva.

Tsiku lina dalaivala wa matola anawabweretsera uthenga wa pakamwa. Deliwe wapeza mwamuna, dzina lake Jeffrey, ndipo chinkhoswe chichitikira ku Magaleta kwa amalume ake. Bambo pa nkhani zoterezi sawerengedwa, ndipo a Gerishon sanaitanidwe. Koma Deliwe anati pobwerera adzaima pa Neno kuti mwamuna wake awaone bambo ake, asanakwere matola a masana. Mvula inali itawononga msewu, moti galimoto yopita ku Mwanza inali yokhayo pa tsiku.

Uthengawo unawasangalatsa n'kuwasautsanso. Mkamwini wobwera koyamba amamuphera nkhuku, n'kumuikira nthutumba m'mbale mwake kuti adziwe kuti nkhukuyo yafera iyeyo. Nyumba analibe, mkazi analibe, pa chinkhoswe sanaitanidwe. Chimene chinawatsalira choti aonetse kuti Deliwe ali ndi bambo chinali chokhacho, kumulandira mlendoyo ndi nkhuku. Ndipo nkhuku anali nayo imodzi. Kupempha mkazi wa mwini golosale kuti awaphikire kukanabutsa miseche pa munthu wamasiye ngati iwo, komanso mlendo wa m'tauni sangamukhazike pa khonde la nsapato. Anaganiza masiku angapo, akuliyang'ana thadzi lija likupalasa pa mzati. Potsiriza anati a Falesi akanakhalapo, akanalipha okha ndi manja awo chifukwa cha mwana wawo.

M'mawa wa tsikulo analimasula, n'kulikupatira m'khwapa kupita nalo kwa a Wilkins. A Wilkins anali munthu wa mimba yake, makiyi ali lende palamba, wodziwa kuseka ndi anthu a tayi okha.

"A Wilkins, lero ndili ndi alendo, mwana wanga ndi mwamuna wake," anatero a Gerishon. "Chonde mundiphikireko nkhukuyi ndi mpunga. Ibwere yonse, nthutumba isasowe."

"Musadandaule madala, zikhala bwino," anayankha a Wilkins, maso ali pa wailesi. "Annette, landira nkhuku ya madalawa."

A Annette analigwira miyendo n'kulowa nalo kukhitchini mutu uli pansi. A Gerishon anachoka msanga kuti asamve kulira kwake. Anakasamba, anavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo kwa nthawi yoyamba anapolisha nsapato zawo zomwe, osati za anthu.

Dzuwa litakwera, pa lesitilanti panaima galimoto yoyera yamatope m'mbali. Munatuluka amuna anayi a zikwama za m'manja, amene anabwera kudzachititsa semina yophunzitsa anthu za ufulu wachibadwidwe. A Wilkins anawathamangira, kuwapukutira mipando ndi mpango wawo womwe, n'kuwakhazika pa tebulo la pawindo.

Deliwe ndi Jeffrey anafika pambuyo pake, atatopa ndi ulendo wa ku Magaleta. Deliwe anagwada pakhonde la golosale popereka moni, ndipo ataona mmene bambo ake anaondera, anayang'ana kumbali. Jeffrey anali mnyamata wofatsa, wogwira chipewa ndi manja awiri. A Gerishon anamukonda pomwepo.

"Tiyeni tikalawe kaye kamadzi," anatero, akutsogola ndi mapewa okwera.

Anakhala pa tebulo lawo lija. A Annette anabwera ndi beseni, n'kuwasambitsa onse atatu, koma tsikulo sanamuyang'ane aliyense kumaso. Fungo la nkhuku yokazinga linadzaza nyumba yonse. A Gerishon anamwetulira, n'kumufunsa Jeffrey za kwawo ndi za ntchito yake. Anacheza. Manja anayamba kuuma. Anachezabe, nkhani zinayamba kutha. Kenako chitseko cha kukhitchini chinatseguka, a Annette anatuluka ndi mbale yaikulu, mpunga uli pambali. A Gerishon anasendeza chipewa chawo kuti mbaleyo ipeze pokhala. Mbale inawadutsa, n'kukatera pa tebulo la pawindo.

Panalibe chofunsa. Pakati pa mwezi ngati pamenepo, pa lesitilantiyo sipankaphikidwa nkhuku. A Gerishon anangopenya anthu aja akugawana ntchafu ndi chidale. Mmodzi anabaya nthutumba ndi foloko, n'kuikweza m'mwamba akuseka.

"Iyi ndiye nkhuku yachikuda yeniyeni, osati zathu za m'tauni zija," anatero, n'kuiponya m'kamwa.

Patapita kanthawi, pa tebulo la a Gerishon panafika nsima ndi nyemba, zomwe zija za masiku onse.

Anthu amene analipo amati sanawaonepo a Gerishon ataima chilili mkati mwa lesitilantiyo kufikira tsikulo. Anaimirira, ndipo mawu anatuluka osasa ngati a munthu wodwala.

"A Wilkins, kodi nkhuku yanga ili kuti?"

A Wilkins anabwera mothamanga, akulankhula chapansipansi. "Aa madala, musatichititse manyazi. Alendowa achokera kutali, akanadya chiyani? Nkhuku ndi nkhuku basi. Ndikupezerani ina Loweruka."

"Inali ya akazi anga," anatero a Gerishon. "Ndaiphera mkamwini wanga uyu. Inu mwandisambitsa m'manja zaka zonsezi, ndadya ntchentche zanu, ndadya palafini wanu, sindinanenepo kanthu. Lero lokha ndinakupemphani."

A Wilkins ataona kuti alendo awo amva, nkhope inasintha.

"Ino ndi demokalase, madala. Mukaona kuti pano sipakukukomerani, pitani kwina. Alipo wakumangani?"

Mmodzi wa anthu a semina aja anachita manyazi ndithu. Ananyamula mbale ija, mutatsala khosi, msana ndi zipalapasiro, n'kubwera nayo.

"Pepani bambo, ife sitimadziwa. Landirani zotsalazi. Ndipo dziwani kuti masiku ano muli ndi ufulu wokadandaula."

"Ndikadandaule kuti?" anafunsa a Gerishon.

Munthuyo anayang'ana anzake, anzake anayang'ana m'mbale zawo. Anaisiya mbale ya makombo ija patsogolo pa Jeffrey n'kubwerera pampando wake. Cholinga chake chinali chabwino, koma mwa zonse za tsikulo chimene chinawapweteka kwambiri a Gerishon chinali chimenechi, mkamwini wawo kuikiridwa zotsala za anthu ena.

Panja hutala ya matola inalira. Jeffrey anaimirira, n'kuwerama mwaulemu.

"Musavutike mtima bambo. Ife takhuta kale, ku Magaleta amalume anatiphera nkhuku."

Ananena pofuna kuwatonthoza, mwana wa eni ake, osadziwa kuti akubaya pachilonda. Deliwe anagwada pansi pomwepo, pa simenti yamafuta ija, n'kugwira manja a bambo ake. Anali ouma. Misozi inkangoyenderera.

"Ababa, munkanditumizira uthenga kuti mumadya bwino. Kodi kudya kwake ndi kumeneku?"

A Gerishon anatola chipewa chawo. Anawaperekeza mpaka pa matola, n'kuima pamsewu mpaka galimoto inabisika kuseri kwa phiri. Palibe amene analawa kanthu pa tebulo lija.

Anakhala masiku angapo osapondako ku lesitilanti. Ankagula nthochi ndi chinangwa chootcha pamsika, n'kumadyera pakhonde pakati pa nsapato za anthu. Koma thupi la munthu wamkulu silikhalira nthochi. M'mimba munayamba kuwawa, manja ankanjenjemera pogwira singano, ndipo kwina kuja kumene a Wilkins ananena kunalibe. Loweruka la nkhuku ina lija silinafike, ndipo iwo sanakumbutse. Anakhala pa Neno zaka zina zochepa, Deliwe akubwera mwa apo ndi apo, koma iwo sanathe kumuyang'ananso Jeffrey m'maso mpaka imfa yawo.

Tsiku limene anabwerera ku lesitilanti, analowa mwakachetechete n'kukhala kuseri kwa chitseko. A Wilkins anakweza wailesi. A Annette anabwera ndi beseni, a Gerishon anatambasula manja, madzi anathiridwa. Anadikira mpaka manja anauma, nyemba zinabwera zozizira, anadya. Pomaliza anatsina kambamu ka nsima, anakakulunga m'pepala, n'kuika m'thumba la jekete, maganizo ali kwina. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa golosale, ananjuta pa mzati, n'kutulutsa kapepala kaja. Pa mzatipo panali chingwe chokha.