Bokosi la Foster Litakhala Chete

Foster Mulewa anabadwira m'malayini a pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Thyolo Boma. Makolo ake anali othyola tiyi, koma iye dengu linamukana. Kuyambira ali wamng'ono manja ake ankayabwa akaona chinthu cha mawaya, mpaka akapitawo a ku galaja anamutenga kuti azikonza mawailesi a mauthenga, aja alonda amati ovaova. Anakwatira Teleza wa ku Khonjeni, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Triza.

Mu 2002 esiteti inachepetsa antchito, Foster n'kukhala mmodzi wa ochotsedwa. Msuweni wake Elson, yemwe ankagwira ntchito pa boti lopha nsomba ku Kilimane, ku Mozambiki, ndiye anamuitana. Chilomwe cha agogo ake chinamuthandiza kumvana ndi anthu akumeneko. Teleza anabwerera kwawo ku Khonjeni ndi mwana kumsana.

Pa Khirisimasi Foster anabwera atada bii ndi dzuwa.

"Koma inu bambo a Triza," anamuseka Teleza, "munthu woopa kuwoloka Nsuwadzi ikadzaza, lero mukugona pa nyanja yamchere?"

"Madziwo sindiwakhudza ine, mayi. Ine ndine wa bokosi."

Anamufotokozera akujambula pansi ndi kamtengo. M'botimo munali kabokosi kokhala ndi kagetsi kobiriwira. Ntchito yake inali kuuza mabwana a ku ofesi ya kumtunda pamene boti lili, kuti likapeza ngozi adziwe kokalifuna. Koma bokosilo linali ndi matenda. Linkangokhala chete losatsanzika. Zikatero Foster ankayamba ndi batire, kenako fyuzi, kenako n'kutsata waya pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa mlongoti, pomwe panali eriyo yonga mbale yovundikira. Nthawi zambiri vuto linkakhala kumeneko.

"Mchere ndi mfiti," anatero. "Kuno chiperoni chimangonyowetsa waya, ukapukuta basi. Kuja mchere umalowa mkati, waya n'kubiriwira, n'kumayoyoka ngati fodya wouma. Ndimadula, n'kupala, n'kulumikiza. Dzuwa lisanalowe bokosi layankhula."

"Nanga osagula waya watsopano bwanji?"

"Agule chifukwa chiyani, amuna ako alipo?"

Anaseka onse. Teleza ananyadira mumtima, ndipo anakafotokozera amayi anzake kuchitsime ngati kuti mlongotiwo anauona yekha.

M'mwezi wa Malichi Elson anatulukira yekha, atanyamula chikwama cha Foster. Teleza anali akupalira chinangwa. Atangoona chikwamacho khasu linagwa lokha.

Elson ulendo umenewo sanapite nawo chifukwa ankadwala malungo, ndiye zonse anazionera pa doko. Boti linanyamuka bwinobwino. Mawa lake kunabwera namondwe, bokosi n'kukhala chete. Elson anathamangira ku ofesi kukawapempha mabwana kuti atumize boti lina.

"Anandiseka, alamu," anatero akuyang'ana pansi. "Akuti bokosi limenelo ndi khalidwe lake, Foster akonza. Mawa lake akuti mwina mphepo yamuletsa kukwera mlongoti, tidikire. Anali atazolowera. Chikhala kuti bokosilo linali losafaifa, kapena kuti Foster ankalephera kulikonza, akanadzidzimuka tsiku lomwelo. Pomwe amatumiza ofunafuna n'kuti madzi atabalalitsa zonse. Anangotola zigubu ndi ukonde."

Teleza sanalire. Anangofunsa kuti, "Mtembo mwauona?"

"Ayi."

"Ndiye musanditchule wamasiye."

Kwawo kwa Foster ku Nchilamwela anthu anasonkhana. Atsibweni ake, a Anderson, ananena za mwambo: munthu akatayika m'madzi, amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti maliro athe ndipo mkazi amasulidwe. Teleza anakana. Anati mwina anakocheza kwina, mwina ali m'chipatala alibe woti n'kumutuma kuno. Kuika nthochi munthu ali moyo, si kumupha kumeneko?

A Anderson sanamukakamize. "Tidikira, mayi a Triza. Koma dziwani kuti mukuzunzika ndinu."

Ananena zoona. Teleza anakhala wosadziwika mbali. Kumpingo amayi amasiye akamakumana, iye analibe malo. Amayi apabanja akamacheza za amuna awo, ankatsitsa mawu iye akafika. Kabaza aliyense woima pamsewu ankamuimitsa mtima. Chimanga chinakololedwa, tiyi anadulidwa, mvula ina inagwa, zaka n'kumapita.

Tsiku lina Triza anabwera kosewera akulira. Anzake anamunena kuti bambo ake anathawira kwa mkazi wina ku Mozambiki, n'chifukwa chake alibe manda. Teleza anam'sambitsa mwanayo, n'kumudyetsa, iye osadya. Anaona kuti kudikira kwake kwayamba kudetsa dzina la munthu amene sanalakwe kanthu.

M'mawa anavala chitenje chakuda n'kupita ku Nchilamwela. Anagwada pakhomo pa a Anderson.

"Atsibweni, ndabwera. Mwana akufuna poloza."

Amuna anatsikira kudimba ndi zikwanje, iye akutsatira patali. Anagwetsa nthochi yonenepa, n'kusadza masamba, n'kugoneka thunthulo pa mphasa. Atatambasula nsalu yoyera kuti akulunge, Teleza anasendera pafupi. Analiyang'ana kuchokera uku mpaka uko, kenako anagwira ndi dzanja chakumapeto.

"Dulani apa," anatero. "Bambo a Triza sanali aatali chonchi."

Chikwanje chitatera, m'pamene anayamba kulira, ndipo amayi onse analandira maliro.