Chigamba Chimene Sindinachitulutse M'thumba

Lachisanu, pa 13 Agosito. Ndinali pakhonde la azakhali kuno ku Insaca, kumene ndimakhala masiku a sukulu, ndikusoka chigamba pa kabudula wa kaki wa amalume anga. Singano itafika pa msoko wochindikala wa m'chiuno ndinaikankha ndi chala, ndipo inathyoka. Ndi yachitatu mwezi uno. Ndinaika kabudulayo pamwendo n'kutenga kope langa, chifukwa pali nkhani imene yandikhala pakhosi kuyambira dzulo.

Inu amene mumawerenga tsamba langali pa chitseko cha sukulu Lolemba lililonse mukudziwa kuti ndine wosowa mawu. Aphunzitsi akandiloza, mawu amathawira m'mimba. Koma pepala silindiyang'ana m'maso, ndiye ndikuuzani zonse.

Chaka chino ndikumaliza kalasi yachinayi, ndipo sukulu yanga ithera pomwepo. Amalume anga, Che Yusufu, ndi msodzi kwathu ku nyanja ya Chiuta. Kwa nyengo ziwiri akhala akuwamba milamba, kuyanika matemba, kupalasa njinga mpaka ku Entre Lagos kukagulitsa nsombazo tsiku la sitima, n'kumasunga ndalama za masikudu m'chitini kuti andigulire makina osokera. Ananena okha kuti, "Mwana wa mlongo wanga asadzapemphe mchere kwa munthu." Ndalamazo ndi za makina amodzi basi. Tikalakwitsa palibe chitini chachiwiri, ndipo katundu akatuluka m'kantina, sitolo ya mzungu, sabwereranso.

Dzulo tinapita ku kantina kukaona. Makina analipo awiri. Oyamba anali atsopano, opalasa ndi mapazi, okhala pa tebulo lakelake la miyendo yachitsulo, thupi lonse maluwa agolide. Achiwiri anali pansi, pafupi ndi matumba a mchere: aang'ono, opukusa ndi dzanja, m'bokosi lathabwa lokhala ndi chogwirira. Anali a mayi wina wachizungu amene anabwerera kwawo, ndipo utoto unali utafufutika pamene dzanja limagwira. Mtengo wake sunafike ndi theka la aakulu aja.

Mzungu wa kantina anatenga kansalu koyera, kopyapyala ngati khoko la anyezi, n'kupalasa makina aakulu. Makinawo anaimba bwino zedi. Msoko unatuluka wowongoka ngati njanji.

Amalume maso anawala. "Wamva, Patuma? Awa ndiye makina! Kapansiko n'kamphero koperera tsabola. Ufuna anthu a padooko azinena kuti Yusufu ananunkha utsi zaka ziwiri kuti agule chidole?"

M'thumba la diresi langa munali chigamba cha kaki chimene ndinadula dala kunyumba kuti ndikayesere makina. Ndinachigwira mpaka chinanyowa ndi thukuta. Sindinachitulutse. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Inde, amalume."

Iwo anauza mzungu uja kuti tibweranso Loweruka ndi ndalama. Loweruka lake ndi mawa.

Titatuluka, amalume anapita kukapopa njinga. Ine ndinatsala pakhonde la kantina, pamene pamasokera Che Bwanali, telala wachikulire amene anayamba kusoka pamenepo ine ndisanabadwe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Abiti, dzanja lakana kutuluka m'thumbamo. Mwaba shuga?"

Ndinachita manyazi, ndinawaonetsa chigamba chija. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anachipinda kanayi, n'kuchiika pansi pa singano ya makina awo, ndipo anachiboola ngati akudula papaya.

"Kansalu ka mkatimo ngakhale nkhuku ikhoza kukasoka ndi mlomo," anatero. "Kodi ku Chiuta kwanuko mudzasokera ndani? Mkazi wa shefi wa posito, bwana wa boma uja?"

"Ayi. Asodzi."

"Eya! Makabudula ouma gwa ndi matope, matumba a nsomba, mayunifolomu a ana ong'ambika pamatako. Makina muwayese pa nsalu imene idzakudyetseni. Nanga nyumba yanu ili kumtunda?"

Ndinapukusa mutu. Kwathu mvula ikakula madzi amafika pakhomo, ndipo chaka chilichonse timasenza katundu kupita kwa abale kumtunda.

"Ndiye tebulo lachitsulo lija adzakusenzerani ndani? Ng'ona?" Anatsitsa mawu. "Aakuluwo si oipa, musandimve molakwa. Ndi abwino kwa ine amene ndinamera mizu pakhonde limodzi. Koma wophunzira mapazi ake amathamanga kuposa maso, gudumu likabwerera m'mbuyo ulusi wonse wapotana. Dzanja limamvera. Aang'onowo muwapendeketse muone kumimba ngati kuli dzimbiri. Mugwedeze gudumu mumve ngati likulira khwekhwerere. Ndipo musatulutse ndalama musanaone ndi maso anu kuti singano zake zili pa shelefu, pamodzi ndi kabwato kosungira ulusi wapansi."

Ndinalimba mtima pang'ono. "Bwanji osawauza amalume inuyo?"

"Ine ndimadya pakhonde la mwini wake, mwanawe. Ndikagwetsa malonda ake, mawa ndikasokera pansi pa mtengo. Pakamwa poti panene ndi panu."

Mawu amenewo ndayenda nawo tsiku lonse.

Kwathu kuli mayi wina, Abiti Mdala, amene amuna awo anawabweretsera makina okongola kuchokera ku migodi. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Anasoka miyezi itatu, kenako kabwato kaja kanasweka, ndipo kofanana nako sikapezeka ku Insaca, ngakhale ku tauni ya Nova Freixo. Lero makinawo anawafunditsa nsalu yamaluwa, pamwamba amaikapo nyale, pansi nkhuku imaikirapo mazira. Alendo akabwera amawavundukula kuti aone. Kodi munthu angavale maluwa agolide?

Koma chimene chikundiwawa kwambiri si makina. Ndi mmene timasinthira tikangoponda pakhomo la kantina.

Amayi anga akamagula mphika pamsika amaugogoda ndi chala, kuuika kukhutu, kuuyang'anitsa padzuwa, ndipo woumba sakwiya. Amalume omwewa pamene ankagula bwato anatha tsiku lathunthu. Analigogoda kuyambira kumutu mpaka kumchira, analowamo, analipendeketsa uku ndi uku, anapita nalo pakati pa madzi mwini wake akudikira pamtunda. Anapeza kamng'alu kamene anakamata ndi phula, n'kulikana. Palibe amene anati ndi amwano. Anthu anati Yusufu amadziwa bwato.

Nanga bwanji munthu yemweyo akalowa m'kantina amavula chipewa, n'kulandira chilichonse chimene amuonetsa? Bwanji timapereka thukuta lathu ndi manja awiri ngati tikupempha? Timaopa kuti atiseka Chipwitikizi chathu chothyoka. Timaopa kuti atinena kuti tilibe ndalama, ndiye timaloza chachikulu kuti aone kuti tili nazo. Timaopa kukhudza chinthu chimene mawa lake chikhala chathu. Ndiye timabwerera kunyumba ndi nyale zosayaka, nsapato zothina ndi makina oikirapo nkhuku.

Sindikunena amalume. Ine ndi amene ndinali ndi chigamba m'thumba. Iwo sanasokepo chiyambire, ndipo akufuna kundipatsa chinthu chimene akuchiona kuti ndi chopambana, chifukwa amandikonda. Amene ndimadziwa pamene singano imathyokera ndine, ndipo ndinakhala chete. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndikadya phulalo sindidya ndekha. Adya nawo munthu amene anakhala mu utsi nyengo ziwiri.

Anzanga a kalasi yachinayi, ambiri a inu mudzaima pamene ndinaima dzulo. Wina adzamugulira njinga, wina khasu, wina makina. Tinaphunzitsidwa kuti mwana wamkazi waulemu sayankha akulu, ndipo ine ulemuwo ndimaukonda. Koma kodi ndi ulemu kuona malume wako akutaya chitini chake m'madzi iwe uli duu? Madzi akadzafika pakhomo, makina n'kutsala m'nyumba akuchita dzimbiri, ndidzawauza kuti ndinkadziwa koma ndinachita manyazi?

Mwina ndikulakwa. Mwina aang'ono aja akakanika kaki, kapena kumimba kwake kwadyeka. Zikatero sitikagula, tikadikira ena. Ndalama siziola m'chitini.

Pamene muziwerenga izi Loweruka lidzakhala litadutsa, ndipo mudzatha kundifunsa ngati ndinachita zimene ndalemba. N'chifukwa chake ndazilemba pano, kuti ndisowe pothawira.

Sindikawatsutsa amalume pamaso pa mzungu. Ndikalankhula tili panjira, pa mtengo wa mango umene timatsikira njinga chifukwa cha mchenga. Ndikati, "Amalume, bwato lija munaligula musanalowemo?" Mawu amenewa ndawanena kale kakhumi kuseri kwa nkhokwe, ndipo ulendo wachikhumi sananjenjemere. Ndakonzanso mawu a Chipwitikizi opempha kuti ndiyese ndekha makina onse awiri. Nkhata ndapota kale, kuti ndikasenze aang'ono aja pamutu mpaka pamsewu ndi kubwerera, ndione ngati khosi langa likuwatha.

Chigamba cha pa kabudula wa amalume chatsala theka. Azakhali andipatsa singano ina, koma ndaibaya pa nsalu n'kuisunga. Sindichimaliza ndi manja. Mawa ndinyamula kabudulayo poyera, osati m'thumba, ndikamuika pa tebulo la kantina, ndipo makina amene akamalize chigambacho ndi amene akwere njinga kupita ku Chiuta.