Kuphunzira kusameza malovu

Ndamva chigayo chikulira pa Khombedza lero, ndipo ndakukumbukirani, bambo a Tiya. Ulendo woyamba ku Lilongwe chithunzi cha MRI sichinaoneke bwino chifukwa munkameza malovu muli m'makinamo, moti adokotala analephera kuona pomwe khansa ya pakhosi inalekezera kuti adziwe powotcha. Titabwerera kunyumba munagona chagada pamphasa n'kunena kuti, "Mayi a Tiya, muziimenya ndowayo ngati phokoso la makina aja, ndizolowere."

Ndinaimenya ndikulira, inu osagwedezeka, osameza. Ulendo wachiwiri chithunzi chinatuluka bwinobwino, koma tsiku loti ayambe kuwotcha linafika titakuikani kale. Anthu pamaliro ankaona nkhope. Ine ndinkayang'ana pakhosi panu, kudikira kuti mumeze.