Mphukira Imene Ndinataya Kudzala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene amayi anandipatsa mphukira ya chinanazi kuti ikhale yangayanga. Mbewu imeneyi anabwera nayo kuchokera ku Mulanje pobwerera kwathu kutsidya kwa malire nkhondo itatha. Anandiuza kuti ndikaisamalira, chipatso chake choyamba ndidzadya ndekha, osagawira munthu.

Koma ine mphukirayo sindinaikonde. Inali yotuwa, ndipo minga yake inandikala m'mikono.

Tsiku lina tikugulitsa chinangwa pa siteshoni ya Entre Lagos, komboyo, sitima yapamtunda ija, itachedwa, ndinasuzumira kumpanda wa nyumba ina yamalata. Mayi wa pamenepo anali ndi zomera m'zitini, zonse zooneka ngati chinanazi. Zina zinali zamizeremizere, zina zofiira pakati, ina itakakamira pamtengo wa mango popanda dothi n'komwe. Ndinapempha imodzi. Anandithyolera akuseka, n'kufotokoza zambiri m'Chipwitikizi chimene panthawiyo sindinkachimva.

Nditafika kunyumba ndinazula ya amayi ija, kuiponya kudzala, n'kubzala yanga yokongolayo. Amayi anagwira tsamba lake n'kundifunsa ngati ndinafunsa dzina lake. Ndinayankha monyada kuti n'chinanazi cha anthu olemera. Iwo anangoti chabwino.

Mvula inagwa n'kutha kawiri. M'chilimwe ndinkaitungira madzi kuchitsime, ndipo ankaima pakati pa masamba ngati m'kapu, mpaka kachule kanamangamo mudzi. Zinanazi za achemwali anga zinapsa, fungo lake n'kudzaza bwalo lonse. Iwo ankandiseka kuti ndikuweta achule. Yanga inatulutsa duwa lofiira, lokongola kwabasi, ndipo ndinkayembekeza kuti litupa. Silinatupe. Linangofota n'kuuma.

Ndinalira mpaka kusasa mawu. Amayi anandisiya ndilire, kenako anati, "Wamaliza? Tiye kuno."

Anandilondolera kuseri kwa bafa, kumene ine sindinkafikako chifukwa cha zitsamba. Pamenepo panali chinanazi chachikasu, chitapendekeka ndi kulemera.

"Ndi ija unataya," anatero. "Sinakukwiyire. Dula wekha."

Ndinadya nditakhala pansi pomwepo, madzi ake akutsikira m'zigongono, lilime likuyabwa. Cha pakati manyazi anandigwira, ndipo ndinawapatsako amayi. Sanakane.

Lero ndili ndi mwana wanga wamkazi, ndipo pakhomo panga pali mitundu yonse iwiri. Ndinadzamva kuti mbewuzi ndi zapachibale ndithu, kungoti ina ndi yodya, ina ndi yongoona. Chimene chimandikhudza tsopano si chipatso chija ayi, koma kuti amayi ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Akanandikalipira ndikanangowamvera, osamvetsa kanthu. M'malo mwake anapirira zaka ziwiri, akuthirira mwakachetechete chimene ine ndinataya.

Dzulo mwana wanga anazula tomato wanga kuti abzalepo duwa lake. Ndinamusiya abzale. Tomatoyo ali kuseri kwa bafa.