Che Dinala ndi Laputopu ya m'Bokosi

Ndinayamba kuwaona che Dinala m'mwezi wa Okutobala, ndikuyanika nsalu kuseri kwa loji imene ndimachapako ku Nkopola. Analowa pageti akukankha njinga, pakaliyala atamangirirapo batire ya galimoto ndi malamba a chubu. Anali bambo wamfupi, wa imvi m'ndevu, wovala kachipewa koyera. Ndinayesa ogulitsa mabatire. Mlonda ndiye anandiuza kuti ndi amene amasamalira makompyuta a mu ofesi, ndipo amabwera pakatha miyezi itatu iliyonse.

Chipinda chositira chinagundizana ndi ofesi, choncho ndinamva zonse.

"Bwana, laputopu iyi munaitsekera liti m'kabatimu?" anafunsa che Dinala.

"Chaka chatha, kapena," anayankha a manijala.

"Chaka! M'chitungu cha kunochi? Izi si zakale zija zokhala ndi chimbale chozungulira m'kati. Muno muli kachipangizo kotchedwa SSD. Zimene mwasunga kamazigwira ndi timagetsi tochepa kwambiri, ndipo mukapanda kuyatsa, timagetsito timatha pang'onopang'ono. Kukamatentha timatha msanga. Mudzayatsa tsiku lina n'kupeza zina zapita."

Ndinaiwala simbi pa nsalu ya pilo mpaka inanunkha.

Kunyumba kwanga kunali laputopu imene inali isanayatsidwe kwa zaka ziwiri. Inali ya malemu amuna anga a Raymond, amene ankayendetsa boti la alendo. Atamwalira, abale awo anaika katundu wawo yense m'bokosi lachitsulo n'kukhoma, kuti lidzatsegulidwe pa tsiku londisudzula. Kiyi anatenga alamu anga a Jestina, mlongo wawo wa malemu. Mwambowo unachedwa chifukwa ankadikira achimwene awo aakulu amene anali ku Joni. Tsopano uthenga unali utabwera kuti afika mwezi wa mawa.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndinabwera chitengwa. Malo amene tinamangapo anatipatsa ndi a Petulo, amalume awo a Raymond. Tsiku limenelo a Raymond anajambula pafoni nkhalambayo ikuyenda m'malire, ikunena kuti malowa ndi a Raymond ndi ana awo. Kanemayo anamusamutsira mu laputopu, ndipo foniyo inagwera m'nyanja chaka chomwecho. A Petulo nawo anamwalira. M'mudzi zinkamveka kuti a Jestina akufuna malowo akhale a mwana wawo wamkulu. Popanda kanema uja, ine ndi ana anga awiri tinalibe chogwira. Ndipo bokosilo linali pakona, pansi pa malata, pamene masana sungaikepo dzanja.

Tsiku lija kuloji sindinathe kuwalankhula che Dinala. Ndinafunsa Awa, mnzanga wa kukhitchini, amene kwawo ndi ku Lungwena ngati iwowo. Anandiuza kuti che Dinala ndi mwana wa msodzi, koma nyanja inawakana: akangokwera bwato ankasanza mpaka abambo awo anatopa nawo. Anawatumiza kutauni kwa munthu wokonza mawailesi. Mawailesi atachepa analowa za mafoni. Kenako anakakhala zaka zinayi ku Joni, kumene anayamba n'kusesa m'sitolo ya makompyuta, akumasuzumira zimene eni ake akuchita. Sukulu analekeza sitandade 7, koma Chingerezi cha pa makina amachiwerenga ndi chala, liwu limodzilimodzi. Batire ija anayamba kuyenda nayo magetsi atawathimira ali pakati pa ntchito, laputopu ya mphunzitsi wina n'kufa osadzukanso. Awa anati mpaka lero che Dinala nkhaniyo saifuna.

Panapita masiku asanu ndi anayi ndisanalimbe mtima. Usiku tulo sindinkaliona bwino, ndinkangoganiza za timagetsi tija tikutha. Loweruka ndinakwera minibasi kupita kutauni, ndipo ndinawapeza pakhonde lawo pafupi ndi msika. Ndinadutsa kawiri ndisanaime.

"Mayi, mukadutsanso kachitatu ndiyamba kukulipiritsani msewu," anatero. "Khalani apa."

Ndinafotokoza ndikuyang'ana pansi. Sanandidule mawu.

"Sindinganene kuti zapita, sindinganenenso kuti zilipo," anatero. "Zina zimapirira. Bweretsani tione."

"Kiyi ali ndi alamu anga."

"Loko wa bokosi ndi chinthu chaching'ono," anatero, kenako anapukusa mutu okha. "Ayi. Mukathyola, adzati munasinthamo zinthu. Aitaneni akhalepo. Ine ndibwera Lachitatu."

A Jestina ndinawauza zoona, koma theka: kuti makinawo akuwonongeka ndi kukhala. Anavomera chifukwa laputopuyo ankaiwerengera kuti idzagwera kwawo. Za kanema sankadziwa kuti alimo.

Lachitatu che Dinala anafika cha m'ma 9 koloko, thukuta lili kamukamu. A Jestina anatsegula bokosi, fungo la malaya a Raymond n'kudzaza m'nyumba. Batire ya laputopuyo inali itafufuma. Che Dinala anaichotsa, n'kulumikiza makinawo ku batire yawo kudzera pa kabokosi kamene amati inveta. Anadina. Kwa kanthawi panalibe chochitika. Ankainong'oneza m'Chiyao ngati mwana wokana phala.

Inayaka. Pagalasi panatuluka chithunzi cha a Raymond ali pa boti, ndipo a Jestina anatembenukira kukhoma.

Che Dinala analumikiza kachipangizo kawo kosungiramo zinthu n'kuyamba kukopera zonse. Kamzere kobiriwira kosonyeza pamene kukopera kwafika kanayenda pang'ono, kenako kanaima. Makina onse anauma. Anazimitsa, anayatsanso, anayambiranso. Kanaimanso patangopita mphindi zisanu. Anatulutsa foni, analemba manambala a kachipangizoko, nawerenga nthawi yaitali, chala chili pagalasi.

"Pali mavuto awiri," anatero. "Zina zafooka ndi kukhala, monga ndinanenera. Koma kuumaku ndi matenda obadwa nawo. M'kati mwa SSD muli kapulogalamu kake kamene kamaiuza kagwiridwe ka ntchito, timati famuweya. Ka mtundu uwu kanatuluka ndi cholakwika, kamauma mukakagwiritsa ntchito yolemera. Opanga anatulutsa katsopano kalekale, kungoti palibe anaikamo."

"Ndiye ikanimo," anatero a Jestina.

"Anthu amakopera kaye, kenako n'kuikamo. Kuikamoko kukalakwika pakati, zonse zapita, ngakhale mzungu amene anapangayo sangazibweze. Ndipo nthawi iliyonse imene ikuuma, sindikudziwa ngati idzukanso." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, mphindi zisanu zimakwana chinthu chimodzi. Ndiuzeni chimene chili chofunika, ndiyambe chimenecho."

Che Dinala ankachidziwa bwino lomwe, ndinali nditawauza kutauni kuja. Ndinawayang'ana kuti achitchule okha, koma anangokhala, manja ali pamaondo. A Jestina ankandiyang'anitsitsa. Ndinaganiza zonena kuti zithunzi za ukwati.

"Kanema wa a Petulo," ndinatero. "Wa malire a malo ano."

"Eee! Ndiye nkhani yake ndi imeneyi?" A Jestina anaimirira. "Mwandiitanira kuti ndikutsegulireni ndekha? Inu alamu, kufatsa konseku!"

"Mayi, khalani pansi, mungakoke waya," anatero che Dinala. "Mukakoka, laputopu yanu yomwe mukuidikirayi isanduka thireyi yoperekera tiyi."

Anakhala. Che Dinala anayatsanso. Inachedwa kuposa poyamba, mpaka ndinayamba kupemphera chamumtima. Ndinawauza mwezi ndi chaka, anamupeza kanemayo, anayamba kukopera. Nkhuku inalowa m'nyumba, palibe anaithamangitsa. Kamzere kanafika pakati, kanaima, kenako kanayendanso mpaka kumapeto.

Anamutsegula kuchokera pa chosungira chawo. Poyambirira zithunzi zinali zophwanyikaphwanyika, timabokosi tokhatokha. Kenako a Petulo anaoneka ndi ndodo yawo, akuloza mtengo wa bwemba, mawu awo akumveka bwinobwino. Kumbuyo kwawo kunali mayi atanyamula khasu, akubzala nkhadze paliponse pamene nkhalambayo yaloza. Anali a Jestina. Ine ndinali nditaiwala kuti analipo.

A Jestina anaonera mpaka kumapeto. "Ndinali wonenepa nthawi imeneyo," anatero, osaseka.

Nthawi ya swala, pemphero la Asilamu, itakwana, che Dinala anapempha madzi, nakaswali pansi pa bwemba uja. Atabwerako anakopera zina zimene zinatheka, pang'onopang'ono. Zithunzi zambiri za ana ali makanda sizinatsegukenso. Pomaliza anaika famuweya yatsopano, atatiuza kuti aliyense asayandikire tebulo. Inatenga mphindi zitatu zokha, ndipo makinawo sanaumenso. Kanemayo anamuika pa mafulashi awiri, imodzi anapatsa ine, ina a Jestina. Laputopu inabwerera m'bokosi, kiyi n'kupita ndi mwini wake.

Pa tsiku londisudzula laputopu inapitadi kwa a Jestina, koma anthu ataona kanema uja, malo anatsala ndi ana anga. Che Dinala sindinawaonenso. Awa akuti anasamukira ku Chiponde kumene kuli mwana wawo, ndipo kuloji kumabwera munthu wina wa njinga yamoto.

Lachitatu lija che Dinala ndinawaperekeza mpaka pamsewu, iwo akukankha njinga mumchenga. Ndinawafunsa ngati angabwere pamwambowo kudzaonetsa kanemayo, poti ine pagulu mawu amandithawa. Anaima, namangitsa lamba wa batire.

"Ine ndi mlendo, akandiona adzati ndapanga ndine," anatero. "Mukabwereke laputopu kuloji, muyeserere kawiri katatu muli nokha. Tsikulo musakhale kumbuyo kwa azimayi. Mukhale pafupi ndi makinawo, ndipo mudine ndinu."