Diso Latsopano la Mayi Sopo

Dzina loti Mayi Sopo sanabadwe nalo, koma linawakakamira moti ngakhale mwana wawo weniweni akamalozera munthu njira ankati, "Mukafunse pa tiyirumu ya Mayi Sopo." Analitola ku hotela komwe anagwirako ntchito yokonza zipinda kuyambira ali mtsikana mpaka msana utayamba kudandaula. Kumeneko anaphunzira kuyendetsa chala pamwamba pa chitseko, kuunika tambula pawindo ndi kununkhiza thaulo asanalipinde. Anaphunziranso kunyoza. Munthu wa kolala yakuda sankamuwerengera, ndipo sankadikira kuti achoke kaye kuti amunene.

Amuna awo, malemu, anakhala moyo wonse akuvula nsapato pakhomo la nyumba yomwe anamanga okha. Achipatala anati bamboyo anapita ndi matenda a shuga, koma anzake a kuntchito ankati anangotopa ndi kusamba.

Atasiya ku hotela, Mayi Sopo anatsegula tiyirumu m'kachipinda ka kuseri kwa mashopu a zitsulo. Munali mabenchi, kauntala, mbaula pakona ndi shelefu ya makapu oyera. Lamulo linali limodzi: makapu satsuka wina. Mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo uja, ankathandiza kutunga madzi ndi kudula buledi. Atangokwatiwa kumene anayesa kutsuka makapu kuti akondweretse apongozi. Mayi Sopo anatenga kapu imodziimodzi n'kuitsukanso makasitomala akuona, kenako anafunsa, "Kodi kwanu sopo mumangomumva pa wailesi?" Kuyambira tsiku limenelo mtsikanayo sanakhudzenso shelefu.

Ng'ala inabwera pang'onopang'ono, m'maso onse awiri. Dziko linayamba kuoneka lachikasu, ngati tiyi wochepa masamba. Iwo ankadzudzula mababu a masiku ano, ankadzudzula dzuwa, ankadzudzula osindikiza makalendala kuti ayamba kuumira inki. Ntchito inkayendabe chifukwa manja ankadziwa pamene pali chilichonse. Koma tsiku lina anathira tiyi wowira padzanja la kalipentala wina, kasitomala wawo wakalekale, kapu ili pambali. Apo mwana wawo sanafunsenso, anangowatengera ku chipatala cha maso.

Kumeneko anapeza kuti kuli kafukufuku. Namwino wake anali mtsikana wolankhula mofatsa, ndipo anawafotokozera bwinobwino.

"M'diso muli kagalasi komwe munabadwa nako, ndiye kanu kachita mbuu. Adokotala akachotsa n'kuikamo kena kochita kupanga. Tili ndi mitundu iwiri, yonse yabwino, koma tikufuna tidziwe kabwino koposa ndi kati. Mukavomera, kanu kasankhidwa mwa maere. Ngakhale ine sindidziwa kuti ndi kati. Tiyamba diso limodzi, linalo pambuyo."

"Maere pa diso la munthu," anatero Mayi Sopo. Kenako anafunsa chomwe chinawavuta kwenikweni. "Kagalasi kameneko mumakatsuka?"

Namwino anaseka, nawatsimikizira kuti palibe chinthu choyera kuposa kameneko m'tauni monse. Mayi Sopo sanakhulupirire zoti m'tauni monse, koma anavomera.

Opaleshoni sinatenge nthawi. M'mawa mwake atamasula bandeji, mayiwo anangoti kukamwa yasa. Yunifolomu ya namwino inali yoyera mbee, kuyera komwe iwo anali atakuiwala. Namwino anamata kachotchinga kapulasitiki padisopo, nawapatsa mankhwala odonthezera, kenako anatembenukira kwa mpongozi, yemwe anawaperekeza, kuti nayenso amve.

"Bala la m'diso ndi laling'ono koma silinatsekeke. Kwa masabata angapo asawerame, asanyamule zolemera, asakhale pa utsi kapena pa fumbi, ndipo asalikhudze ndi chilichonse. Likafiira kapena kupweteka, mubwere tsiku lomwelo, osadikira tsiku lomwe takuuzani. Tizilombo tikalowa m'kati, diso limatha."

Panjira yobwerera Mayi Sopo ankawerenga zikwangwani mokweza ngati mwana wa sukulu. Chimwemwe chonsecho chinathera pakhomo la tiyirumu.

Khoma lomwe ankalidziwa kuti ndi loyera linali ndi mzere wakuda wa mafuta a m'mutu, pomwe makasitomala ankatsamira. Kudenga kunalendewera mwaye wopiringizana ndi ukonde wa akangaude, ntchentche zouma zili m'menemo. Anatenga kapu pa shelefu. M'kati munali mkombero wa litsiro, ndipo m'ming'alu munali zakuda zoti ukhoza kuzikanda ndi chikhadabo. Tinthu tomwe m'mawa uliwonse ankatisesa ndi dzanja pa shelefu, n'kumati ndi masamba a tiyi otayika, tinali manyi a mphemvu. Eni akewo anali kuseri kwa chitini cha shuga, onenepa, osathawa n'komwe.

Koma chomwe chinawadzutsira mseru ndi kansalu kopukutira makapu, kamene kankakhala paphewa pawo tsiku lonse. Iwo ankakadziwa kuti ndi koyera. Kanali kotuwa, konona ndi mafuta, kodzaza madontho akuda. Ndi kameneko ankapukutira kapu iliyonse pamaso pa womwera, monyadira, asanathiremo tiyi. Anatuluka kuseri n'kukasanza m'ngalande.

Atabwerera anatulukira chinthu china chowawa. Akatseka diso latsopano n'kuyang'ana ndi lakale, chipinda chinkabwerera mwakale, chachikasu, chofewa, chopanda banga. Akalitsegula, uve wonse unkawalumphira kumaso. Anachita zimenezi kangapo ataima pakati pa chipinda, mpaka anaona kuti anthu akuwayang'ana.

Pabenchi panali kalipentala uja ndi anzake awiri, ndipo aliyense anali ndi kapu yake yochokera kunyumba. Mayi Sopo ankadziwa kuti anthuwa amabwera ndi makapu awo, koma ankati ndi dyera lofuna tiyi wambiri.

"Bambo, kapu yanuyo munayamba kubwera nayo chifukwa chiyani?"

"Ndi yokulirapo, mayi."

"Musandinamize. Lero ndikukuonani."

Kalipentala anakanda m'mutu, utuchi ukugwera pabenchi. "Tinkati tikakuuzani mukhumudwa. Tiyi wanu ndi wabwino, ndiye tinangogwirizana kuti tizikhala chete. Mphemvu ikagweramo tinkangoivuula n'kumwa. Palibe anafa."

Ananena ngati akupereka mphatso, ndipo anzake anagwedeza mitu kuvomereza. Apa m'pomwe Mayi Sopo ananyansidwa kufika m'mafupa. Mphemvu ndi mphemvu, sidziwa kanthu. Koma amuna akuluakulu andevu zawo ankavuula mphemvu m'tiyi, n'kumwa, n'kunena zikomo, kwinaku akumva mayi wakhungu akunyoza makolala a anthu odutsa. Ndiye kuti akatuluka ankakaseka, kapena ankamva chisoni, ndipo iwo sanadziwe choipa kwambiri ndi chiti.

Anthu atachoka anatembenukira kwa mpongozi. "Nanga inu, maso awiri abwinobwino, zaka zonsezi?"

"Ndikanayambira pati, amayi? Mukatuluka ndinkayesa kupukuta, koma chinthu chikangosuntha mumadziwa, n'kundikalipira." Mtsikanayo sanakweze mawu. "Titseke mawa. Inu mukhale panja pamthunzi, ine ndikwecha zonse. Mwamva zomwe wanena namwino."

Munthu wina aliyense akanavomera, n'kupempha mpando wabwino. Koma Mayi Sopo anaona m'maganizo manja a mpongozi akufukula uve wawo pakona iliyonse, akuuwerenga, mawa n'kukaufotokoza kwa azichemwali ake. "Mutseke basi," anatero. "Musakhudze kanthu. Ndikachira ndidzaona."

Anapirira masiku angapo. Ankadontheza mankhwala pa nthawi yake, ankagona chagada monga anauzidwa, koma tulo tinkavuta. Kudziwa kuti kuseri kwa loko uja mphemvu zikuyenda pa makapu awo kunkawayabwa thupi lonse. Aliyense wodutsa pamsewu akawapatsa moni, iwo ankamva ngati akuti, tikudziwa.

M'mawa wina anatuma mpongozi kukagula shuga kutsidya lina la tauni, nati kumeneko n'kotchipa. Atangokhota, iwo anatenga makiyi, analowa m'tiyirumu n'kudzitsekera. Kachotchinga kaja anakamatula chifukwa kankabisa makona. Kenako anaswa malamulo a namwino limodzilimodzi. Anakoleza mbaula n'kuwiritsa makapu onse, utsi uli tolo m'chipinda. Anagwada n'kukwecha simenti ndi bulashi, mutu uli pansi. Anakoka kauntala okha. Kansalu kaja anakasandutsa chopukutira shelefu, nakokolola nako manyi a mphemvu onse. Pomaliza anamangirira tsache kumtengo, anakwera pabenchi, nayang'ana kumwamba.

Mwaye unagwa chigulu, kumaso kwenikweni. Diso linaluma ngati mwalowa tsabola. Dzanja silinafunse mutu. Linapita paphewa monga linkachitira zaka zonse, linapeza kansalu komwe linakaponya pamenepo mosadziwa, n'kutikita nako diso mwamphamvu. Pomwe ankazindikira chomwe agwira, anali atatikita kale.

Mpongozi pobwera anapeza chipinda chikuwala, apongozi atakhala pabenchi, kachotchinga katabwerera pamalo pake. Anayang'ana denga, anayang'ana mayiwo. Masana amenewo Mayi Sopo anaona tiyirumu yawo ili yoyera monga ankaiganizira nthawi zonse, ndipo anakhala momwemo mpaka dzuwa kupendeka.

Kutacha diso linali litafiira. Tsiku linalo linayamba kugunda, manthongo akumata zikope. Iwo ankadziwa bwino zomwe namwino ananena, koma kupita kunali kukaima pamaso pa mtsikana wa yunifolomu yoyera uja n'kufotokoza chomwe anapukutira diso. Anawonjezera mankhwala odonthezera, namati litsika lokha. Mpongozi ndiye anawapeza akupapasa khoma pofuna chitseko, mafinya akutsikira patsaya. Sanawapemphe maganizo, anangoitana galimoto.

Kuchipatala anawalowetsa osadikira pamzere. Dokotala wamkulu wa kafukufuku anaunika disolo nthawi yaitali, ophunzira udokotala atamuzungulira, aliyense akudikira kusuzumira pa makina. Ankalankhula za "diso ili" ngati mwini wake watsala kunyumba. Anabaya mankhwala m'kati mwenimweni mwa diso, kenako dokotala anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo.

"Amayi, tizilombo talowa m'kati. Tilimbana nato, koma mwachedwa kubwera. Tsopano ndiyenera kudziwa komwe tachokera. Ngati ndi ku kagalasi kathu kapena zipangizo zathu, ndiimitsa maopaleshoni onse lero, ndipo anthu ali pabenchi panjapo abwerera kwawo ndi ng'ala zawo mpaka titafufuza. Kodi pali chomwe chinakhudza disoli kunyumba?"

M'chipinda munali namwino, ophunzira aja ndi mpongozi, yemwe ankangoyang'ana pansi. Mayi Sopo anadziwa kuti mpongoziyo sawaulula. Iwo akanatha kungoti sakudziwa, mlandu n'kugwera kagalasi kosalankhula.

"Kagalasi kanu kalibe mlandu," anatero. "Ndinkasesa kudenga, mwaye unandigwera. Ndinapukuta ndi kansalu."

"Kansalu koyera?"

"Kauve. Ndinali nditapukutira manyi a mphemvu. Kwanga kunali uve, adokotala."

Dokotala anapumira m'mwamba, mapewa n'kutsika. Anathokoza, nauza namwino kuti maopaleshoni apitirire, ndipo ophunzira anayamba kutuluka akukambirana za chakudya cha masana. Mawu omwe Mayi Sopo anawatulutsa ngati akuzula dzino, kwa anthuwa anali nkhani yabwino. Namwino yekha ndiye anawagwira dzanja, koma iwo analibweza.

Diso silinachotsedwe, koma linatsala longosiyanitsa kuwala ndi mdima. Kagalasi kakadali momwemo, kabwinobwino, kopanda ntchito. Linalo, la ng'ala lija, madokotala anati lidikire kaye mpaka mnzake atapola, ndipo sanalonjeze tsiku.

Tiyirumu inatsegulidwanso. M'mawa woyamba kalipentala anafika manja ali m'thumba, nanena mokweza kuti lero amwera kapu ya panyumba pano. Mayi Sopo anatenga kapu pa shelefu, anaitsuka ndi madzi otentha, anaitsukuluza, naikweza kuwindo. Anaona chinthu chachikasu chozungulira, basi. Anaitana mpongozi.

"Tayang'anani umu. Mwayera?"

Mpongozi analandira kapu, naitembenuza. Anatenga kanthawi, mwina chifukwa ankayang'anitsitsa, mwina chifukwa ankasankha mawu.

"Mwayera, amayi."

Mayi Sopo anawasinkhasinkha mawuwo, koma sanapezemo pogwira. Anathira tiyi chala chili pamlomo wa kapu, nampatsa kalipentala. Kenako anaima chilili pakauntala, ketulo ili m'manja, khutu atalozetsa kubenchi, kumvetsera ngati bamboyo akumwadi.