Ovaova Yosafika ku Ofesi

Bambo a kunyumba atadwala sitiroko tili ku Nairobi, azichemwali awo ku Malawi anayamba kuvuta kuti ndiwabweze akawasamalire okha. Ndinakanitsitsa. Mwamuna wanga ndimutumize ngati katundu? Komabe wantchito ndinali ine, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawasiya okha mufulati ku Hurlingham, ana atapita kusukulu, mwendo ndi mkono wakumanja zitafooka. Foni ya m'nyumba tinalembetsa koma sinabwere, ndipo za m'manja nthawi imeneyo zinali za mabwana.

Mnzanga wina anandiuza za ovaova, timawayilesi tolankhulirana tija. Loweruka ndinakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kupita m'tauni. Wogulitsa anandiyalira mitundu iwiri.

"Mama, zazing'onozi mphamvu yake ndi theka la wati, sizifuna laisensi. Zazikuluzi zimamveka mpaka ku Industrial Area, koma apolisi akakupezani nazo mulibe chilolezo, shauri yako, zanu zimenezo."

Ndinafunsa za chilolezocho, iye n'kungoseka. Anati amapatsa makampani a alonda, osati mayi wofuna kulankhula ndi mwamuna wake. Ine mlendo, wokhala m'dziko la eni chifukwa cha ntchito, ndikanalimbana ndi apolisi? Ndinagula zazing'onozo. Pabokosi anajambulapo anthu awiri ali pamapiri, akumwetulira. Bodza lenileni! Ku Hurlingham kunali makoma okhaokha.

Ofesi yathu inali mumsewu womwewo wa Argwings Kodhek, poyenda pansi osatuluka thukuta. Koma mawu ankathera pamalo omwetsera mafuta, pakati pa njira. Kupitirira pamenepo, phokoso lokhalokha. Ndinayesa pawindo la ofesi, ndinayesa pamasitepe apamwamba, mpaka anzanga ankandiseka kuti ndalowa upolisi. Basi ndinazolowera kuti masana aliwonse ndizipita pamafuta paja kukawafunsa ngati adya.

Tsiku lina ndikuyandikira, ovaova inayamba yokha kulankhula m'chikwama. Mawu anali osasa, a munthu amene waitana kuyambira m'mawa.

"Amayi, mwaswera bwanji? Kaya ntchito ikuyenda? Pepani kukuvutitsani, ndagwa kubafa kuno."

Abale inu! Munthu ali pansi pa simenti, koma ayambe wapereka moni. Ndinakuwa kuti ndikubwera, koma iwo anali atafinya batani osalisiya, ndipo ovaova mnzako akafinya, iwe sumveka. Ndinathamanga nsapato zili m'manja, ndikuwamva akuyambiranso moni womwewo, mwaulemu, pang'onopang'ono. Ndinapsa mtima ndi wogulitsa, ndi lamulo, ndi iwo omwe chifukwa cha ulemu wawowo, ndipo ndinalira msewu wonse anthu akundiyang'ana.

Ndinawapeza akunjenjemera, chipumi chitatupa. Nditawagoneka ndinawauza kuti mawa ndikagula zazikulu zija, andimange ngati akufuna.

"Akakuthamangitsani m'dziko muno, ana sukulu aphunzira bwanji?" anatero. "Auzeni achemwali abwere adzanditenge."

Ndinakalipa, ndinawanena kuti ndi amantha, kuti atopa nane. Iwo sanasinthe maganizo mpaka ndinatopa ndekha. Mwezi wotsatira achemwali awo aakulu anabwera. Kubwalo la ndege anandilanda m'manja njinga ya odwala imene bambo anakwerapo n'kuyamba kukankha okha, ine ndikutsatira pambuyo ndi chikwama. Pachipata bambo anatembenuka movutikira n'kundiuza kuti nditsale bwino, ndisamadumphe chakudya chamasana.